Woyenda Patsogolo

Tsiku loyamba sanandipatse mfuti.
Anandipatsa chitsulo chotalika ngati mpini wa khasu,
chosongoka kunsonga,
nati: Gerevaziyo, uli ndi maso a mlenje iwe,
uziyenda patsogolo.

Kuchoka ku Fulankhungo kutsetsereka ku Kazula
msewu ndinkauwerenga ndi dzanja:
kubaya, kumvetsera, kuponda,
kubaya, kumvetsera, kuponda,
malole asanu ndi awiri akubuula kumbuyo kwanga
ngati ng'ombe zodikira wotsegula khola.
Dothi likakhala lokha limangovomera.
Likabisa kanthu limati go.

Mphwanga Kalisito anali atawolokera ku Zambiya
chaka chija chitopa chinasesa nkhuku,
manja atatupa ndi mbalamatodya ya msonkho.
Ine lole inandipeza pasitolo ndikugula mchere.
Mayi anabala awiri,
nkhondo inatigawana ngati nyama ya pamaliro,
mwendo uku, mwendo uko.

Pambuyo panga pankayenda Horasiyo,
kamnyamata ka kutsidya la nyanja yamchere,
ndevu zisanamere bwinobwino.
Ankaponda ndendende pamene ndaponda,
phazi lake kulowa m'phazi langa, malo n'kutsalako.
Madzulo ankandigawira nsomba za m'chitini
n'kundiwonetsa chithunzi cha mbuzi za bambo ake.
Dzina loti Tete analimvera m'sitima.

Lachinayi lina, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo,
pafupi ndi kamlatho ka mitengo,
chitsulo chinati go.
Ndinagwada, n'kuyamba kupalasa ndi zala.
Masamba atatu a msuku oyala chagada,
ndowe youma yofikisa pamwamba,
dothi losalazidwa ndi munthu wamanzere.
Umu ndi mmene Kalisito ankabisira diwa
kumunda kwathu kudambo.

Ndinakweza mutu.
Nsungwi za m'phiri zinali zii.
Ndinadziwa kuti mmenemo muli maso
odziwa kutsimphina kwanga,
maso amene analipo tsiku limene mphiri inandiluma.
Thukuta linkagwera pabomba.
Palibe mfuti imene inalira.

Tinalifukula. Sajeni anandiponyera ndudu.
Ndiye Horasiyo anapatuka kukataya madzi,
mapazi asanu okha kuchoka m'mapazi anga.
Lachiwiri lija sindinalipeze.

Helikoputala inanyamula zimene tinatolera m'lona.
Nsapato imodzi inatsala m'mwamba mwa mtondo,
ndipo miyezi inayi tinkaidutsa pansi
aliyense akuyang'ana kumbali.

Mbendera itasintha ndinatentha yunifolomu kuseri kwa nkhokwe,
mabatani anakana kupsa, ndinawataya m'chimbudzi.
Kalisito anabwera ndi khutu limodzi logontha
ndi pepala lomutcha ngwazi.
Ine anthu ankanditcha zina, chapansipansi.
Tinalima dimba limodzi la kachewere zaka makumi atatu,
iye mzere uwu, ine mzere uwo,
kukangana za feteleza, za malire, za ngongole ya njinga,
za china chilichonse
kupatula kamlatho kaja.

Kamodzi kokha, pamowa wa chikumbutso cha mayi,
anayang'ana m'chipanda nati:
Unkatsimphinabe.
Ndinati: Masamba ako, sunasinthe kayalidwe.
Anafunsa: Nanga uja anali ndani?
Ndinati: Mwana wa woweta mbuzi.
Anagwedeza chipanda nthawi yaitali
ngati masese angamuuze kanthu,
kenaka anandipatsira osamwako.

Tinamuika chaka chatha, mvula isanagwe.
Asilikali anabwera kudzawomba m'mwamba katatu,
ine ndinaima kumbuyo, pamodzi ndi adzukulu okumba.

Msewu uja anathira miyala, pamadutsa malole a fodya.
Koma ndikamapita kumsika ndodo imanditsogolera yokha,
kubaya, kumvetsera, kuponda.
Ana a kusukulu amandilondola pamzere, akuseka,
kuyesa kulowetsa mapazi awo m'mapazi anga.
Sindiwathamangitsa.
Wina akati apatuke
ndimamva mawu anga akutuluka Chipwitikizi
chimene ndinkayesa kuti ndinachiiwala.